Mkate wa Pamsomali

Kokand,
12 Meyi 2024

Okondedwa Achimwene Davron,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Korea komweko, ndi kuti msana uja munkadandaula wasiya kukuvutitsani. Mudabwa kuona pepala pamene timaonana pafoni Lachisanu lililonse, koma pali nkhani zina zimene zimakana kutuluka munthu akukuyang'ana. Kalatayi ndapatsira mwana wa aneba athu amene akubwerera kufakitale kwanuko, pamodzi ndi mphesa zouma ndi mtedza. Mugawireko anzanu, musabise pansi pa pilo ngati kale.

Sabata yatha tinapita ulendo wathu uja wa chaka ndi chaka. Mukukumbukira momwe Bambo ankatilongezera m'galimoto yawo ya Jiguli, Mayi kutsogolo atafungatira mphika wa mpunga wa palov, ife kumbuyo tikulimbirana zenera? Ana a anzathu ankapita kumtsinje kukasambira, koma ife ana a mphunzitsi tinkapita kukaona nyumba za anthu akufa. Alakatuli, olemba mabuku, ojambula zithunzi, onse a m'chigwa chino tinawayendera, kuvula nsapato pakhomo, kusuzumira zolembera zawo zouma ndi magalasi a maso othyoka mwendo. Inu munkati, "Ababa, kodi munthu wamoyo simudziwako ndi mmodzi yemwe woti tikamuchezere?" Ankangoyenda manja kumbuyo, akuyankhula motsitsa mawu, ndipo tikafika m'chipinda chomaliza ankafunsa woyang'anira nyumba funso lomwe lija: "Kodi pamapeto pake zinamuthera bwanji?"

Chimwalirireni Mayi maulendowa anazilala, koma chaka chino ndinachita kuumirira. Alamu anu a Kobil anang'ung'udza za msewu mlungu wathunthu, kenako ndinawapeza akutsuka kaminibasi kawo ngati kakukanyamula mkwatibwi. Mwana wathu Mohinur, amene munamusiya akukwawa, ndiye anakhala pampando wanu wa pazenera. Tinalunjika ku Okterak, kwa Mirzaraim, wojambula uja anapita kunkhondo ya Ajeremani osabwerako. Inunso munafikako muli wamng'ono, ndi kumene munagwera m'ngalande mutavala malaya atsopano.

M'mawa umenewo dziko linali ngati silinadzuke bwinobwino. Nkhungu inagona pa minda ya thonje, mitengo ya mabulosi inkatulukira umodziumodzi n'kusowanso, ndipo adokowe anali chilili m'zisa zawo pamwamba pa mapolo a magetsi. Mapiri sankaoneka tsinde, koma nsonga zokha zoyera zitapachikika m'mwamba. Bambo anayamba kulakatula. Ndakatulo zonse zija ankatilowezetsa ndi kamtengo m'manja akuzikumbukira, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Atamaliza anagwira alamu anu paphewa.

"Adalaivala, mumayendetsa bwino. Kodi munakwatira?"

"Ndinakwatira, Ababa," anatero a Kobil. "Mwana wa mphunzitsi. Kulongolola kwake, wailesi imachita kumupatsa ulemu."

"Pepani," anatero Bambo. "Ana a aphunzitsi ndi otero."

Tonse tinaseka, ine ndinaseka mpaka kutembenukira kuzenera kuti Mohinur asandione m'maso.

Apa ndiye ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Bambo akuiwala, Achimwene. Zinayamba ndi makiyi ndi ketulo yosiyidwa pamoto, tsopano zafika pa anthu. Pafoni mumawaona akumwetulira n'kumakutchulani dzina, koma simuona kuti ine ndimakhala pambali ndikuwanong'oneza. Ndinkaopa kuti mukadziwa mudzasiya zonse n'kubwera, pamene mapepala anu anatha kale ndipo mukangotuluka m'dzikomo sadzakulolaninso kulowa. Adokotala akuti matendawa sabwerera m'mbuyo. Masiku ena amandidziwa, masiku ena ndimakhala mayi wachifundo amene amawapatsa tiyi.

Nyumba ya Mirzaraim ili monga munaisiyira, makoma opaka laimu, khonde la mizati yosema, ndi mpesa umene waphimba bwalo lonse moti dzuwa limachita kudontha. Woyang'anira ndi Agogo Hosiyat, mwana wa wojambulayo, amene anabadwa bambo awo atanyamuka kale. Ndi nkhalamba yaing'ono yoyenda ndi ndodo, ndipo sanalole kuti tione chilichonse tisanamwe tiyi. Zithunzi zija kale ndinkaziona zotopetsa, koma tsopano ndinaima nthawi yaitali. Munthuyo ankajambula zenera limodzi lomwelo ndi mtengo wa mapichesi uli kunja kwake, wamaluwa, wazipatso, wopanda masamba, wachipale. Chithunzi chomaliza sanachitsirize. Ndi msewu wa mitengo italiitali umene umangothera pakati pa nsalu yoyera, ngati nkhungu ija tinadutsamo m'mawa.

M'chipinda chomaliza, kuseri kwa chingwe chofiira choletsa alendo, muli mkate wopachikidwa pamsomali. Wauma gwa, wada ngati mbale yadothi, ndipo m'mphepete mwake muli malo amodzi olumidwa. Mirzaraim anauluma tsiku lonyamuka kupita kunkhondo, monga munalumira inu wanu pachipata Mayi akulira, kuti mkatewo udzamukokere kwawo adzaumalize.

Ndinangocheuka pang'ono kuyang'ana Mohinur, pobweza maso Bambo anali atadumpha kale chingwe. Anaupachula mkate uja ndi manja awiri, kuupsompsona katatu n'kuugunditsa pachipumi. Nthawi yomweyo munalowa azimayi awiri a ku Namangan odzaonanso nyumbayo, ndipo Bambo anawatembenukira nkhope ikuwala, dzanja lili pamtima.

"Lowani, lowani, takulandirani kwathu kuno. Zulayho, alendo aimirira iwe ukungoyang'ana? Kateleke tiyi. Uwu ndi mkate wa mwana wanga Davron. Taonani mano akewo, lakutsogololi n'lopindika, anatengera amayi ake."

Achimwene, palibe anawanong'oneza. Dzina lanu linatuluka lokha, ndi langa lomwe.

A Kobil anachita manyazi n'kusendera kuti awalande mwaulemu, koma Agogo Hosiyat anawatchinga ndi ndodo.

"Asiye, mwanawe. Mkate umenewu wamva aphunzitsi, wamva akuluakulu a boma, onse kunena kuti mwini wake anali ngwazi. Sunamvepo munthu akunena kuti mwini wake akubwera." Kenako anasendera pafupi ndi Bambo. "Anapita kuti mwana wanuyo, bambo?"

"Kutali, kotulukira dzuwa. Koma abwera. Ameneyo sasiya chakudya m'mbale, n'chifukwa chake masaya ali chonchi."

"Ndiye mumuuze afulumire," anatero agogowo. "Mkate sutopa kudikira, otha ndife oupukuta fumbi. Amayi anga anaupukuta mpaka anapita. Tsopano ndine, ndipo ngakhale mwini wake atagogoda pachipatapo lero, ine sindingamudziwe, iyenso sangandidziwe. Tingangopatsana moni ngati anthu okumana pamsika."

Ankauza Bambo, koma maso awo anali pa ine. Bambo anangogwedeza mutu ngati amva nkhani ya nyengo, ndipo anaubwezera mkate uja pamsomali okha, mosamala, nkhope yake kuyang'ana kunja monga ziyenera.

Masana onse tinakhala pansi pa mpesa. Tinadya palov wathu pamodzi ndi agogowo ndi azimayi a ku Namangan aja, amene pochoka anathokoza Bambo ngati eni nyumba enieni. Bambo anagona pamkeka chipewa chili kumaso. Madzi ankayenda m'ngalande munagwera ija, njiwa zikulira padenga, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala chaka chimene tilimo. Ndinkangomva ngati Mayi ali kuseri akutsuka makapu, inu mukuyanika malaya anu pamwala, ndipo posachedwa wina atiitana kuti tizikwera galimoto. Ndinali wokondwa, Achimwene, sindikubisirani. Ndinalakalaka tsikulo likanangoima pomwepo.

Tinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Pakhomo pathu penipeni Bambo anaima, kuvula nsapato n'kuziika pambali mwadongosolo, kenako anaika manja kumbuyo. Analowa mwakachetechete. Anayang'ana makina osokera a Mayi osawakhudza. Anawerama kuwerenga misana ya mabuku awo omwe, n'kunong'oneza Mohinur kuti, "Munthu ameneyu ankakonda kuwerenga. Usagwire kanthu." Tinawatsatira chipinda ndi chipinda mpaka tinafika m'chanu, pamene pali mkate wanu pamsomali umene anakhoma iwo eni. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine mwaulemu wonse.

"Pepani mayi, ndinu oyang'anira nyumba ino?"

"Ndine, bambo."

"Mwini mkatewu, kodi pamapeto pake zinamuthera bwanji?"

Mundikhululukire, Achimwene, chifukwa ndinayankha m'malo mwanu osakufunsani. Ndinati, "Sizinathe, bambo. Ali moyo. Akubwera mphesa zikapsa."

"Wamoyo?" anatero Bambo. "Ndayenda nyumba zambiri zotere ine, sindinapezepo ya munthu wamoyo. Mwana wanga ankandidandaula nazo zimenezo. Ndiye tidzabwerenso, tidzamuone."

Inu ndinu wamkulu, sindingakulamuleni. Ndikudziwa chimene mungataye mukabwera, ndipo denga tikugonamoli ndi thukuta lanu. Koma Bambo, amene amaiwala ngati adya kapena sanadye, mawu anga aja sanawaiwale. M'mawa uliwonse amapita pansi pa mpesa wathu, kuthyola kamphesa kamodzi n'kulawa, kenako amabwera kudzandiuza kuti zikadali zowawasa. Panopa n'zazing'ono ngati mphodza. Inu mukudziwa mwezi umene zimapsa, munali wakuba mphesa wamkulu.

Alamu anu akupereka moni, akuti kaminibasi kakhoza kufika ku bwalo la ndege ku Tashkent popanda vuto, bola musabwere ndi masutikesi ambiri. Mohinur akuti moni Amalume, ndipo akufuna adzaone ndi maso ake ngati dzino lija ndi lopindikadi, chifukwa pafoni simuseka mokwanira. Kumanda kwa Mayi ndinapitako, maluwa aja munatuma anamera. Bambo ndawafunsa lero ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anaganiza kanthawi, kenako anati, "Mumuuze mwini nyumbayo kuti pali mphunzitsi wina wokalamba amene akufunitsitsa kumudziwa."

Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira. Mkate wanu ndikuupukuta fumbi.

Ndine mchemwali wanu,
woyang'anira nyumba,
Zulayho