Ntchafu Ilimbe Kaye

Lolemba, 12 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino, kuposa momwe mawu anga ankamvekera pa foni paja.

Ndiyambe ndi kuulula. Nditakuuzani kuti opaleshoni ya bondo aisuntha chifukwa odwala achuluka, ndinakunamizani. Anaisuntha chifukwa cha ine. M'Januwale adokotala anandipatsa pepala la mafizo oti ndizichita kunyumba m'mawa ndi madzulo, koma ine ndinalitembenuza n'kulembapo miyezo ya mathalauza a makasitomala. Ndinkati bondo loti akalichotsa ndilivutikire chiyani? Tsiku londionanso, anandigoneka pabedi n'kunena kuti, "Kwezani mwendo uli chiwongokere." Achemwali, mwendo unakana. Unangonjenjemera pompo, ine thukuta kamukamu.

"Bambo, bondo lachitsulo tikhoza kukuikani ngakhale mawa," anatero, "koma chonyamula bondolo ndi ntchafu, ndipo yanuyi yafooka. Mukalowa chonchi mudzavutika kudzuka. Tionane pakatha masabata asanu ndi atatu."

Mwana wanga wamkulu, mphunzitsi uja, atamva zimenezi anabwera tsiku lomwelo. "Ababa, shopu yanu ili pamwamba, masitepe khumi ndi anayi. Makinawa tigulitse, muzikakhala kwathu." Analankhula mwachikondi, koma mtima unandiwawa kuposa bondo. Zaka makumi atatu ndikupalasa makina osokera, lero ndikakhale pakhonde la mkamwini kumawerenga magalimoto odutsa? Ndinangomuyankha kuti, "Ndipatse miyezi iwiri."

M'mawa mwake ndinali woyamba kufika kuchipinda cha mafizo. Wotiphunzitsa ndi mayi wamfupi amene tinamupatsa dzina loti Asajeni, chifukwa kwa iwo kulibe za "ndatopa". Anandiyambitsa ndi thaulo lokulunga pansi pa bondo, ine ndizilikanikiza uku ndikuwerenga mpaka khumi. Ndinaseka, ndinati ndi masewera a ana. Pofika kachisanu ndinali nditasiya kuseka. Kenako kunabwera kudzuka pampando osagwira paliponse, kenako njinga ija yopalasa osafika kulikonse. Ndinati, "Asajeni, kupalasa ndiye ntchito yanga." Iwo anati, "Eya, atelala, koma mwakhala mukupalasa ndi phazi, ntchafu ili mtulo."

Anandiphunzitsanso kuyenda ndi ndodo panopa, ndikadali ndi mphamvu, kuti ndisadzaphunzire ndili ndi bala. Pokwera sitepe mwendo wabwino uziyamba, potsika uziyamba wodwala. Kunyumba ndachotsa kapeti yoterera ija, ndipo mpando ndaukweza ndi matabwa.

Pagulu lathu pali amayi ena ogulitsa nsapato, amene akudikira opaleshoni ya chiuno. Tsiku loyamba anandiona ndikubera powerenga, kuchoka pa sikisi kulumphira pa teni, n'kundinenera kwa Asajeni poyera. Kuyambira pomwepo timapikisana. Iwo akadzuka pampando kakhumi, ine kakhumi n'kawiri, ngakhale ndifike kunyumba ndikukwawa. Ndinawasokera kathumba kopachika pakhosi koti aziikamo foni akamayenda ndi ndodo. Palibe zina, achemwali, ndi nsalu yotsala chabe.

Lachisanu lapitali ndinabwereranso kwa adokotala. Ndinakweza mwendo asanandiuze n'komwe, n'kuusiya m'mwamba mpaka iwo anati, "Basi, tsitsani, mukufuna ugone momwemo?" Opaleshoni andilembera pa 3 Juni. Madzulo ake ndinamuitana mwana wanga mphunzitsi uja kushopu. Ndinakwera masitepe onse khumi ndi anayi iye ali pambuyo, manja atatambasula kuti andiwakhe. Titafika pamwamba anangopukuta fumbi pamakina n'kufunsa kuti, "Ulusi wakuda ukadalipo?" Za kugulitsa sanazitchulenso.

Mantha alipo pang'ono, sindikana. Sindinagonepo m'chipatala chibadwire. Koma Asajeni akuti amene analimbikira chonchi sachedwa kuimirira, ndipo ine ndikudziwa kuti ndidzaimirira.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani pa 2, osati kudzandisenza ayi, koma kuti ndikadzatsegula maso ndidzaone nkhope yakwathu. Chimwalirire mayi a anawa sindinakupempheni kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti jekete yawo ndidzaimaliza ndi bondo latsopano. Moni kwa ana, ndi kwa kamdzukulu kathu kamene sindinakanyamulebe. Ndipo mukadzapeza amayi ena ogwira ndodo atakhala pambali pa bedi langa, mudzawalonjere bwino. Mafunso anu aja mudzandifunse ine, tili awiri.

Ndine mlongo wanu,
Telala wanu yemwe uja