Galimoto ya Stélio sibwera ku ukwati wa Ivone

Nampula, 9 Agosto 2024

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno ku Nampula. Kodi muli bwanji kumeneko ku Chiuta? Bondo lija likukulolani kupita kudimba? Ife tili bwino, kungoti mdzukulu wanu Chikondi anadwala chimfine sabata yatha, koma tsopano wayambiranso kutisokosa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni muli nayo. Inu mukamayankha foni mumakweza mawu mpaka a kutsidya kwa msewu amamva, ndipo nkhani iyi si ya a kutsidya. Ndiye ndapatsira Rashida, mnzanga amene timasoka limodzi, poti akubwera ku Insaca kudzaona abale ake.

Ntchito ikuyenda. Madiresi a operekeza mkwatibwi ndamaliza anayi, atsala awiri. Muuzeni Ivone asade nkhawa, koma asanenepenso, nsalu yatha.

Nkhani yeniyeni ndi ya mwana wanu Stélio. Ndamva kuti munalonjeza amalume a Vitorino kuti tsiku la ukwati mwana wawo Ivone adzanyamulidwa pa galimoto ya Stélio, amene kumudziko mwayamba kumutcha dotolo chimalizireni yunivesite. Sindikukudzudzulani. Munagulitsa chinangwa zaka zinayi kuti aphunzire, ndipo n'koyenera kuti anthu aone.

Koma Amayi, chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Galimotoyo si yake kwenikweni. Atayenda ndi mapepala chaka chathunthu osapeza ntchito, anakongola ku banki n'kugula galimoto yakale kuti azinyamula anthu m'tauni muno. Amene anasaina kuti akalephera adzalipira ndine. Mwezi uliwonse banki imayamba yadya, iye n'kumatola zotsala.

Pali pepala lina lotchedwa seguru, lija ku Malawi munkamva akuti inshuwalansi. Umalipira kamodzi pachaka, ndipo ukagunda munthu kapena kuwononga katundu wa eni, kampani ndi imene imalipira. La Stélio linatha mwezi wa Juni. Ndalama zake anali atasunga ndithu, koma mutamuimbira kuti aliyense asonkhe za mpunga ndi mbuzi za ukwati, anachita manyazi kunena kuti alibe. Anatumiza zomwezo. Miyezi iwiri wakhala akuyenda wopanda pepalalo, ine osadziwa, mpaka dzana pamene anaulula yekha tikudya.

Nditamufunsa, anandiyankha kuti iye amayendetsa pang'onopang'ono ndipo chiyambire sanagundepo ngakhale nkhuku. Ndinamukumbutsa za Tobiasi, mnzake amene anaphunzira naye. Nayenso ankayendetsa bwino. Tsiku lina bambo wina wa njinga anadzandira pothawa dzenje n'kugwera kutsogolo kwake, mwendo n'kuthyoka pawiri. Tobiasi analibe seguru. Galimoto inagwidwa, za kuchipatala zonse ndi zake, banja la bamboyo akulidyetsa ndi iye, ndipo banki sinasiye kubwera. Ndinakumana naye pamsika akusenza matumba a simenti. Anandipatsa moni maso ali pansi, ndipo ine chifundo chinandigwira mpaka ndinaiwala chimene ndinapitira.

Tsono taganizani za ukwati wa kwathu. Galimoto ikangotulukira pa mtengo wa mango uja wa kutchalitchi, azimayi amaithamangira n'kumayala zitenje kutsogolo kwake, ana amakangamira m'mbali, ena amavina chobwerera m'mbuyo osaona kumene akuponda. Pamenepo woyendetsa saona pansi. Tayala litaponda phazi la mwana, sadzakhala mwana wa mlendo ayi. Adzakhala wa a Zodiwa kapena wa a Bwanausi, anthu amene mumatunga nawo madzi pa mjigo umodzi. Tidzawalipira ndi chiyani? Osanenanso za msewu wonsewo kudzera ku Cuamba, ndi njinga za nsomba zochokera ku Amaramba zimene zimadzaza njira m'mawa.

Ndiye ndachita chinthu chimene mwina simukondwera nacho. Galimoto ili pabwalo panga, makiyi ali m'chikwama changa. Ndalonjeza kuti mwezi uno za banki ndimuthandiza, ndipo kumapeto kwa Setembala tidzasonkherana za seguru. Pa tsiku la ukwati sizingatheke, ndawerengera mbali zonse.

Stélio sakundiyankhula. Akuti ndamuchotsa ulemu ngati kamwana, ndipo akuti mawu a Amayi anatuluka kale pagulu, iye sangawachititse manyazi. Wanenetsa kuti makiyi ena akadulitsa. Mukumudziwa mwana wanu, akatero ndiye kuti achitadi. Ine sandimvera, poti ndine mlongo wake chabe.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuimbire inuyo, muli nokha m'nyumba, mumuuze kuti mwamumasula pa lonjezo lija, abwere pa sitima ndi pa shapa, minibasi zija, ngati anzake. Musamufunse za ndalama za mbuzi, angalire. Ivone akhoza kukwera galimoto ya a Zubairi a ku Insaca, imene imanyamula maukwati chaka chonse ndipo mapepala ake ndi okwanira. Ndawaimbira kale, akuti tsikulo ali ndi mpata.

Ndikudziwa kuti anthu adzayankhula. Adzati dotolo uja galimoto yake inali ya pakamwa. Zimenezo zikundipweteka inenso, chifukwa mnyamatayu wavutika ndipo ankafuna tsiku limodzi lokha loti mumunyadire pamaso pa anthu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Vitorino ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa alamu anga onse, ndi kwa Ivone ndi mwamuna wake wam'tsogolo. Chikondi akuti agogo amusungire nzimbe.

Amalume akakufunsani chifukwa chake, musatchule za ngongole kapena za pepala, ulemu wa Stélio utsale. Mungowauza kuti Madalena ndiye wakaniza, ndi wouma mtima. Adzakhulupirira msanga. Ndidzabwera ndi madiresi, ndidzakhala pansi pakati pawo, andinene ndikumva.

Ndine mwana wanu,
Madalena