Matewera a Chisomo agona panja

Lachitatu. Chiperoni tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Mlamu wanga Esinati, wophunzira zamakompyuta uja, waika nyumba yathu ya kuno ku Limbuli mu gemu yomwe akupanga. Akadina batani ili kumacha, akadina linalo kumada. Ndinakondwera, mpaka nditaona kuti kwada koma matewera a khanda lathu Chisomo akadali pachingwe.

Ndinati, "Alamu, anulani. Zovala za khanda sizigona panja."

Anaseka. "Ndangosintha kuwala, alamu. Ndi zithunzi chabe izi."

"Nanga afiti akudziwa zimenezo?"

Akuti kuanula kumutengera masiku awiri, pomwe aphunzitsi akufuna gemuyo mawa. Tamvana kuti usiku wa mu gemuwo akawaonetse aphunzitsiwo kamodzi, mwachangu, kenako kuche. Laputopu waisiya mu gemumo muli masana, ndaona ndekha.

Koma poti waitseka, mkatimo simuli mdima?