Tagonja pabwalo lathu lomwe

Wokondedwa mwana wanga Zakeyu,

Landira moni wochokera kuno ku Nsambe. Kodi uli bwanji ku Joniko? Ine mawondo ndi omwe aja, amayi ako chifuwa sichikuwaleka. Akundilembera ndi aphunzitsi, koma mawuwa ndi anga.

Mwanawe, tagonja pabwalo lathu lomwe. Loweruka anyamata a ku Chifunga anakwera phiri kudzamenya mpira, anafika atatopa, akunjenjemera ndi mphepo yakunoyi. Ndinati basi, nyama yabwera yokha. Paja pabwalo lathu lotsetsereka lija iwe unkayamba ndi kukwera chitunda, alendo n'kumakondwa, ndiye chigawo chachiwiri n'kuwatsetserekera miyendo itawathera. Koma mng'ono wako Yohane, wotsogolera timu tsopano, anasankha kuyamba ndi kutsetsereka! Ndinakuwa, "Iwe Yohane, sitiyamba choncho pabwalo pano!" Iye akuti, "Bambo, khalani pansi, mungagwe." Atasinthana mbali, chitunda chinawakana anyamata athu, alendo n'kumangomwetsa zigoli.

Sindikumudzudzula kwambiri. Akanamuphunzitsa ndani? Nonse odziwa bwaloli muli kumigodi. Amayi oyimbira timu aja anabwera ochepa, nyimbo n'kufera pakhosi. Wina wa ku Chifunga anandifunsa akuseka, "Agogo, kodi eni mudzi ali kuti?"

Tsopano malume ako a Bizaliyele akuti bwalo lasowa ntchito, mvula ikagwa abzalapo chimanga. Wowaletsa palibe. Bwera mvula isanagwe, Zakeyu. Ukalephera, unditumizire jekete ndizingokhala m'nyumba, poti kokakuwa kudzakhala kulibenso.

Mulungu akusunge mumgodimo.

Ndine bambo ako,
Filimoni