Ndani ananditukwana, achimwene kapena chotupa?

Aphungu,

Ndili ndi zaka 24, ndimaluka tsitsi mu saluni. Papita chaka ndi miyezi itatu ndisakulankhula ndi achimwene anga, telala amene anandilera ndi kundiphunzitsa mpaka sekondale bambo athu atamwalira. Anali munthu wosadziwa kukweza mawu. Koma tsiku lina analowa mu saluni, makasitomala ali tho, n'kuyamba kunditukwana mawu oti sindingawalembe munyuzipepala. Atamaliza anaseka, n'kukhala pampando wotsukira mutu ngati palibe chachitika. Ine pakamwa sindichedwa. Ndinati, "Kuyambira lero mulibe mlongo. Mukadzafa ndidzamvera kwa anthu."

Mlamu wanga anabwera kawiri kudzadandaula kuti amuna awo akusoka mikono ya malaya mozondotsa, mutu ukuwawawa m'mawa uliwonse. Ndinati, "Auzeni achepetse mowa." Chonsecho sanaulawepo chibadwire.

Lolemba lapitali achimwene anagwa pamakina osokera n'kukomoka. Mlamu anandikokera kuchipatala, ati ndine wa sukulu, ndikamve bwino zonena adokotala. Adokotalawo anatiitanira m'kachipinda n'kutionetsa zithunzi za makina ounikira m'thupi a MRI: chotupa mu ubongo, chakutsogolo kuno. Anati makinawo amaona mmene madzi akuyendera m'kati mwa chotupacho. Chikakhala chofatsa, madzi amayenda momasuka. Chikakhala chaukali, maselo amathithikana ngati anthu m'basi, madzi n'kusowa podutsa. Analoza ndi cholembera: "Apa sakuyenda bwino." Kenako anafunsa, "Khalidwe lawo linayamba liti kusintha?" Mlamu anangondiyang'ana.

Opaleshoni ndi Lachinayi. M'wodi sindinalowemo, ndimathera pakhonde n'kubwerera. Ndisakunamizeni, mawu aja akundiwawabe. Ananditukwana ndani, Aphungu, achimwene kapena chotupa? Ndilowe ndikanene chiyani?

Ine, N.C.

Mwanawe N.C.,

Makina amene aona madzi m'mutu mwa achimwene ako sangakusankhulire mawu, awa ndi awo, awa ndi a matenda. Koma chotupa cha kutsogolo kwa ubongo chimathadi kuchotsa manyazi ndi kudziletsa mwa munthu wofatsa. Ika zaka zonse zimene anakulera mbali ina, tsiku limodzi lija mbali ina, uone pakulemera.

Usayambe kulira maliro. Chithunzicho chimapatsa adokotala chithunzithunzi cha ukali wa chotupa, koma yankho lomaliza limabwera akayeza kachidutswa kake. Tenga kope, ulembe mafunso: akuyembekezera chiyani pa opaleshoni, zotsatira zidzatuluka liti, kunyumba muziyang'anira zizindikiro zanji. Mlamu wako mantha amugwira, makutu ake ndiwe. Umupepesenso. Anagogoda kawiri, iwe n'kumubweza ndi chipongwe.

Ukatero lowa m'wodimo. Susowa mawu ambiri. "Achimwene, ndabwera," basi. Tenga chipeso uwapese. Manja ako amadziwa kulankhula mofatsa kuposa pakamwa pako.

Koma samala. Usakalowe kukalandira "pepa", mwina za tsikulo sazikumbuka n'komwe. Akhozanso kukutukwana kachiwiri. Zikatero tuluka, upume, ubwererenso. Ndipo usadikire kuti mtima uyambe wazizira, chifukwa adokotala sasuntha Lachinayi kudikira mkwiyo wako.