Kabotolo ka ku Furancungo

Wokondedwa Lídia, mwana wa mlongo wanga,

Kuno ku Chidzolomondo tilipo, fodya wauma bwino. Kaya iwe ku Lisboa?

Amayi ako akuti umapima chimbudzi cha mbewa zotupa matumbo, kufufuza timadzi timene timadya matumbowo. Ndiye mwina undimvetsa.

Chikololereni chimanga m'mimba mwanga simuli bwino, moti kutchalitchi ndimakhala pafupi ndi khomo. Kuchipatala ku Furancungo namwino, mtsikana wa msinkhu wako, anandipatsa kabotolo nati, "Muikemo pang'ono, bambo, tipime." Ndinalephera kumuyang'ana kumaso. Ndinabwerera nako kumudzi kopanda kanthu. Zimene ndimaona ndikadzithandiza, ngakhale mkazi wanga sindinamuuze.

Tandiuza mwanawe, mbewa zakozo zikayamba kutaya magazi, zilipo zimene zimachira?

Ndine malume ako,
Celso