Ng'ombe za 2019

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Thuchila tilipo. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene a Dyson, wachira mwana wamkazi. Nandolo wachita bwino, koma denga la khitchini yanu likudontha, ndipo achimwene akungoti mawa, mawa.

Ine ndikuphunzitsabe ana osaona anzanga. Chaka chino bungwe lina latipatsa makina odinda zilembo za breili, zija munkazitcha kuti nsabwe za papepala. Anabwera nawo ndi bambo wina wa ku Blantyre, a Likoswe, amene amadzitcha katswiri. Mafuta awo onunkhira anayamba kulowa m'kalasi eni ake asanatsike galimoto. Anajambulitsa zithunzi atagwira ana paphewa, n'kumapita.

Titadinda mayeso owerenga, ana anakakamira pa mawu oti ng'ombe. Pakati pa ng ndi ombe, chala chinkagunda kamzere, x, ndi 2019. Mtsikana wina anandifunsa kuti, "Madamu, ng'ombe zinatani mu 2019?" Pang'ono, ng'oma, ng'ona, onsewo chimodzimodzi. Ana asanu analephera, ndipo bambo a mmodzi anati amuchotsa sukulu azikakhala pakhomo.

Ndinawaimbira foni a Likoswe. Akuti makina a kunja salakwitsa, ana akumudzi ndiwo ochedwa mutu. Ndinakumbuka zomwe munkanena za kapitawo wa ku esiteti: "Uyu sanatholepo tiyi ngakhale tsamba limodzi, koma tamumvani pakamwa."

Ndinakhala masiku anayi ndi kompyuta yanga yolankhula ija. Ndinapeza kuti pulogalamu yoyendetsa makinawo ili ndi mndandanda wouza makina kuti chilembo chakuti ndi madontho akuti. Kachizindikiro kopindika ka mu ng'ombe munalibemo, ndiye makinawo ankangolavula nambala yake ya m'kompyuta, x2019 uja. Ndinawonjezera mzere umodzi wokha: \x2019, kenako kadontho kachitatu, komwe kamaimira kachizindikiroko m'breili. Ndinaikamonso \x0175, w wachipewa wa mu Malaŵi, amene katswiri wathu anati tingomuvula chipewacho. Ana analembanso mayeso ndipo onse asanu anakhoza. Mwana uja sanachotsedwe sukulu.

Mwezi watha a Likoswe anabweranso ndi alendo, n'kuwauza kuti iwo ndi amene anaphunzitsa makinawo Chichewa. Anatenga pepala lodindidwa n'kumalisisita, akufotokoza ndi Chingerezi cha m'mphuno. Ndinapempha kuti ndigwireko pomwe akuwerenga. Amayi, pepalalo linali chadodolido. Ndinalitembenuza bwinobwino, n'kuwabwezera m'manja ndi ulemu wonse, ndikuti, "Pitirizani, bambo." Mlendo wina anatsokomola nthawi yaitali. Fanta amene tinawakonzera a Likoswe anamusiya osatsegula.

Sukulu ikatsekera ndibwera kudzalambula pamene mwagonapo. Ndidzazula ndi manja, chifukwa khasu la achimwene limapalira ndi maluwa omwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati